WOSAPEMBEDZA ATHAWE KAPENA AKHALE NAFE?

M'mwezi wa September 2017 boma la Mulanje linagwedezeka ndi mphekesera ya anamapopa. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatchinga misewu, ndipo mlendo aliyense ankaonedwa ngati wopopa magazi. Mphekeserayo inafika ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa popanda mlandu. Mu October bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Abale ndi alongo, masiku ngati amenewo ndi amene munthu wosakhulupirira Mulungu amadzifunsa ngati kuli bwino kunyamula katundu kupita ku Joni kapena ku Ulaya, kusiyana ndi kukhala pakati pa anthu amene sagwirizana naye maganizo. Anthu otere alipo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi awiri pa 100 alionse alibe chipembedzo, pamene ife Asilamu tinalipo pafupifupi 14 pa 100.

Mmodzi amene anasankha kukhala ndi a George Thindwa, amene ankatsogolera bungwe la Association for Secular Humanism. Iwo ankayendera agogo otsekeredwa m'ndende pa milandu ya ufiti ndi kuwamenyera nkhondo kuti atuluke. Ankakumbutsa makhoti kuti lamulo la ufiti la 1911 limalanga munthu woloza mnzake chala kuti ndi mfiti. Mu 2012 iwo ndi a Charles Chilimampunga anatulutsa kafukufuku wa nkhanza zimene ana, amayi ndi okalamba amakumana nazo chifukwa cha nkhani za ufiti.

Pa za Allah sitigwirizana nawo ngakhale pang'ono, ndipo za sihiri ife timaziwerenga m'Qur'an. Koma sharia salola kugamula munthu popanda umboni, nanji kumugenda miyala. Pamene okalamba anayi anaphedwa ku Neno mu January 2016, ati chifukwa cha mphenzi imene inapha mtsikana, dziko lathu linali lodzaza kale ndi mizikiti ndi matchalitchi. Zimatichititsa manyazi kuti mawu a wosapembedza ankamveka kwambiri kuposa athu.

Mbiri yathu imadziwa njira zonse ziwiri. M'chaka cha 615 Asilamu ozunzidwa ku Makka anasamukira ku Habasha kwa mfumu yachikhristu Najashi, chifukwa moyo wao unali pa chiswe. Tsono wothawa imfa sitingamunyoze. Komanso ku Makka komweko kunali Mut'im ibn Adi, munthu amene sanalowe Chisilamu mpaka kumwalira kwake. Iye anathandiza kuthetsa chigwirizano chosala fuko la Banu Hashim, ndipo ndi amene anateteza Mtumiki Muhammad (SAW) pobwera kuchokera ku Taif. Mtumiki anamukumbukira ndi mawu abwino nkhondo ya Badr itatha.

Kuno kwathu gawo 33 la malamulo aakulu a 1994 limapereka ufulu wa chikhulupiriro ndi maganizo kwa aliyense. Ndi ufulu womwewo umene umalola ana athu kubwera ku madrasa masana. Choncho ife tikuti wosapembedza asathawe. Akhale, alankhule mwaulemu osatukwana zopatulika za anzake, nafenso timuyankhe ndi mfundo. Ngati ndi mwana wa m'nyumba mwanu, mbale yake ya nsima musaichotse pamkeka.