Za Michira ya Mawu m'Chirasha

Kutali kumpoto kuli dziko la Russia, lalikulu koposa maiko onse a pansi pano. Mbali yake ina ili ku Ulaya, ina ku Asia, ndipo likulu lake ndilo Moscow. Anthu a kumeneko alankhula Chirasha, nalemba ndi malembo awoawo okwana 33. Malembowo atchedwa ndi dzina la Cyril, mtumiki wa Mulungu amene anapita ndi mbale wake Methodius kukalalikira ku Moravia m'chaka cha 863, ngakhale amene anawakonza ndiwo ophunzira a abale awiriwa. Popeza malembowo ngachilendo, mawu a Chirasha alembedwa muno ndi malembo a masiku onse. Ndipo posonyeza katchulidwe, phatikizo lomveka mwamphamvu laikidwa m'malembo aakulu.

Mwana wa sukulu adziwa kuti mfotokozi ndiwo mawu onena za mkhalidwe wa chinthu, monga kukula kwake kapena kukoma kwake. M'Chichewa mfotokozi asintha kumutu, kutsata dzina limene alifotokoza: munthu wamkulu, dengu lalikulu, chingwe chachikulu, nyumba yaikulu. Ngakhale kamwana ka zaka zinayi sikanena "dengu yaikulu," chinkana sikanapondeko ku sukulu. M'Chirasha namonso mfotokozi atsata dzina lake. Koma mutu ukhala chikhalire, ndipo umene usintha ndiwo mchira.

Maina a Chirasha ali m'magulu atatu: aamuna, aakazi ndi apakati. Nyumba, dom, aiyesa yaimuna, ngakhale ilibe ndevu. Mtsinje, reka, auyesa waukazi. Mudzi, selo, uli pakati. Chotero alemba bolshoy dom, nyumba yaikulu. Bolshaya reka, mtsinje waukulu. Bolshoye selo, mudzi waukulu. Ndipo nyumba zikachuluka alemba bolshiye doma. Michirayi isinthanso monga mwa ntchito ya dzina m'chiganizo, ndipo ntchitozo zilipo 6. Kuloweza zonsezi nkwapafupi kwa munthu wakhama. Chovuta chili pakamwa, pakuti michira yambiri ilembedwa mwina, nitchulidwa mwina.

M'Chichewa muli malembo aliwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limveka bwino paliponse likhala. M'Chirasha si momwemo ayi. M'mawu aliwonse muli phatikizo limodzi lokha lotsindikidwa, ndipo ndilo lidya mphamvu yonse. Enawo atsala ofooka, ngati mbewu zomera patsinde pa mtengo waukulu. Lembo la o likapanda kutsindikidwa limveka pafupi ndi a. Nchifukwa chake bolshoy atchula bal-SHOY. Mawu akuti "chatsopano" alembedwa novaya pa dzina lachikazi, ndi novoye pa dzina lapakati. Koma munthu wa ku Moscow polankhula msanga, onse awiri amveka ngati NO-va-ya, ndipo khutu silipeza kusiyana kwenikweni. Wophunzira amene alimbikira kumveketsa lembo lililonse, kuti no-vo-ye, ayesa kuti achita bwino, koma eni chilankhulo amzindikira pomwepo kuti ndi mlendo. Kumidzi ina ya kumpoto, monga ya kufupi ndi Vologda, anthu atchula o wawo momveka. Koma m'sukulu aphunzitsa katchulidwe ka ku Moscow.

Tsono kutsindikako kulibe malo ake okhazikika, ndipo m'mabuku a akulu sikulembedwa konse. M'mabuku a ana ndi a alendo mokha ndimo aika kachizindikiro pamwamba pa lembo. Ichi si chinthu chaching'ono, pakuti chisintha tanthauzo. Mchewa adziwa kuti mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika zilembedwa chimodzimodzi, koma pakamwa zisiyana. Momwemonso bolshaya: akati bal-SHA-ya anena "chachikulu," koma akati BOL-sha-ya anena "choposa chinzake." Anthu awiri akamagawana ufa, wina napempha bal-SHA-ya chast, wapempha gawo lalikulu, akati BOL-sha-ya chast, wapempha gawo loposa la mnzake, ndipo mlandu ungayambe pamenepo.

Koma mchira umene upunthwitsa ophunzira onse ndiwo -ogo, pamodzi ndi mbale wake -ego. Mchirawu uoneka pamene chinthu chili cha chinzake. "Chitseko cha nyumba yatsopano" alemba dver novogo doma. Maso aona g, koma pakamwa payenera kutuluka v. Ndipo popeza o awiriwo sanatsindikidwe, mawu onse amveka NO-va-va. Bolshogo amveka bal-SHO-va. Potsazikana anthu a ku Russia anena mawu ofanana ndithu ndi "zabwino zonse": alemba vsego dobrogo, natchula fsi-VO DO-bra-va. Mawu akuti "chake," yego, amveka yi-VO. Ngakhale "lero," segodnya, amveka si-VOD-nya, chifukwa kale anali mawu awiri, sego dnya, ndiko kuti "a tsiku lino," ndipo mchira wa oyambawo unakwiririka m'kati.

Wophunzira akagwira lamuloli akondwa, nayamba kusandutsa g aliyense akhale v. Pamenepo agwa m'mbuna yachiwiri. Lamuloli ndi la mchira wokha. Mawu akuti "zambiri," mnogo, athera ndi malembo omwewo, koma g wake ndi wa thunthu la mawu, ndipo amveka MNO-ga. Wamalonda akakweza mtengo, wogula adandaula kuti dorogo, "zadula," natchula DO-ra-ga. Koma mfotokozi dorogogo, "cha chinthu chodula," ali ndi g awiri: woyamba wa thunthu, wachiwiri wa mchira. Woyamba akhala, wachiwiri asanduka, ndipo mawuwo amveka da-ra-GO-va. Amene atchula mawu awa osadodoma wadziwa kumene thunthu lithera ndi kumene mchira uyambira.

Chifukwa cha kusiyanaku nchakuti pakamwa pathamanga, koma cholembera chitsalira m'mbuyo. Kalekale g ameneyu anali kumveka. M'kupita kwa zaka mazana anthu analeka kumtchula, koma alembi sanaleke kumlemba. M'chaka cha 1918 boma la Russia linakonza kalembedwe, nilichotsa malembo ena osafunika. Mchira umene kale unalembedwa -ago anausintha ukhale -ogo, koma g anamsiya pomwepo. M'matchalitchi a Orthodox, kumene mapemphero awerengedwa m'Chisilavo chakale, g ameneyu amvekabe. Amvekanso m'dzina lakuti Zhivago, lotchuka ndi buku la Boris Pasternak la m'chaka cha 1957, dzinalo ndilo mchira wakale uja pa mawu otanthauza "wamoyo."

Mchewa wophunzira Chirasha ali ndi misampha yakeyake, yochokera ku chilankhulo cha amayi ake. Lilime lake lizolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga m'mawu akuti chimanga, ndipo likakumana ndi NO-va-va lifuna kunena no-VA-va. Ndiponso mawu a Chichewa athera ndi lembo laliwu. Nchifukwa chake mawu obwereka ku Chingerezi anasanduka buku ndi sukulu. Koma michira yambiri ya Chirasha ithera ndi lembo lopanda liwu. Pa novym milomo iyenera kutsekeka pa m, osatulutsa novimu. Pa novykh, kh wake si wa khasu ayi, koma mpweya wokhula kumbuyo kwa m'kamwa, ndipo pambuyo pake sipabwera i.

Lembo limene lalembedwa y pakati pa novym ndi novykh eni ake alilemba ы, ndipo liwu lake mulibe m'Chichewa. Aphunzitsi alangiza kuti munthu atambasule milomo monga afuna kunena i, koma lilime alibweze kumbuyo monga afuna kunena u. Poyamba liwulo lituluka ngati kubuula kwa munthu wotula mtolo wa nkhuni, ndipo ophunzira asekana. Aphunzitsi ena auza wophunzira alume pensulo chopingasa ndi kunena i, kuti milomo isatulukire kunja, kufikira lilime litadziwa lokha njira yake.