Nzimbe za ku Liwaladzi ndi Maphunziro a Malonda a Kunja

Munthu woyenda pa mseu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera pa boma la Nkhotakota kulinga ku Dwangwa, amapyola pa Liwaladzi, pamene alimi amalima mpunga ndi nzimbe. Nzimbezo zimapita ku fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, imene inatsegulidwa ndi kampani ya Lonrho kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo inagulidwa ndi kampani ya Illovo m'chaka cha 1997. Mlimi akadula nzimbe zake amayembekeza malipiro, koma kukula kwa malipirowo sikuweruzidwa pa Liwaladzi ayi. Kumatsata mtengo umene shuga wapeza pa misika, ndipo ina mwa misikayo ili kutsidya kwa nyanja zamchere.

Malonda a kutali si achilendo m'dziko la Nkhotakota. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anamanga mudzi wake pamenepo, natumiza minyanga ndi akapolo ku Kilwa. Phindu la malonda oipawo linapita kwa odziwa njira ndi mitengo ya kugombe. Eni nthaka anangotsala ndi misozi.

Za shuga zinayenda motere. M'chaka cha 1975 pangano la ku Lomé linalola maiko ena a mu Africa, pamodzi ndi Malawi, kugulitsa shuga ku Ulaya pa mtengo wokhazikika, woposa wa pa msika wamba. Kwa zaka zambiri panganolo linali ngati nkhokwe yodzaza. Tsono kuyambira m'chaka cha 2006 maiko a European Union anatsitsa mtengowo ndi 36 pa 100, ndipo mu 2017 anachotsa malire a shuga amene alimi a kwawoko ankaloledwa kupanga. Zonsezi zinakambidwa ku Brussels m'mapepala aatali, a mau ovuta, amene ngakhale kalaliki wozolowera ntchito angawawerenge kawiri osamva mutu wake. Komatu mlimi wa pa Liwaladzi, amene sanawaone n'komwe, ndiye anali kumapeto kwa chingwe.

Apa ndi pamene pagona kufunika kwa digiri yachiwiri ya malonda a pakati pa maiko. Wophunzira amadziwitsidwa za misonkho ya pa malire, za malamulo otsimikiza kumene katundu wachokera, za kusinthana ndalama, ndiponso za mtengo wonyamulira katundu kukafika ku madoko a Nacala ndi Beira, popeza dziko lino lilibe doko lakelake. Koposa zonse amaphunzira kukambirana mapangano, kuti pokhala pa gome ndi akatswiri a maiko olemera asangogwedeza mutu.

Sukulu zake zilipo ndithu. Ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kuli ESAMI, imene m'chaka cha 2006 inagwirizana ndi yunivesite ya Lund ya ku Sweden kutsegula sukulu yotchedwa trapca, yophunzitsa malamulo ndi ndondomeko za malonda a kunja. Ku Blantyre, yunivesite ya MUBAS, imene kale inali Polytechnic, imapereka digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka malonda. Ena amapita ku Mangalande ndi thandizo la Chevening kapena la Commonwealth.

Kunena zoona, alipo ena amene amafuna digiriyi kuti angokwera pa ntchito ndi kupachika chikalata pa khoma. Ameneŵa sathandiza Boma, limene m'chaka cha 2021 linavomereza pangano la msika umodzi wa maiko a mu Africa, ndipo likusoŵa anthu otha kuŵerengera chimene shuga ndi mpunga wa ku Nkhotakota zingapeze ku Nairobi kapena ku Lubumbashi. Mtengo wa maphunzirowo nawo wakula: kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mphunzitsi kapena wantchito wa Boma wolipira sukulu ya kunja ndi madola anaona kuti ndalama zimene anasunga sizikufikanso pamene zinkafika.