Kodi mumadziwa? Kaikeyi anapatsidwa mpata woyankhula

Mu Ramayana, nthano yakalekale ya ku India, mfumukazi Kaikeyi amadziwika ngati mayi wouma mtima. Ndiye anakakamiza mwamuna wake, mfumu Dasharatha, kuthamangitsira Rama, mwana wamkulu wa mfumuyo, kunkhalango kwa zaka 14 kuti Bharata, mwana wa Kaikeyi, alowe ufumu. Ambiri amaiwala kuti mayi yemweyu anapulumutsa mfumuyo kunkhondo, n'chifukwa chake inamulonjeza zinthu ziwiri zilizonse zimene angapemphe.

Mu 2022, Vaishnavi Patel wa ku America anatulutsa buku lotchedwa Kaikeyi, momwe mayiyu akusimba yekha za moyo wake. Amaona zingwe zamatsenga zomulumikiza ndi anthu ena, amayendetsa galeta lankhondo, kenaka amakhazikitsa bwalo ku Ayodhya, likulu la ufumuwo, loti amayi wamba azitulirako madandaulo awo. Kwa ine, bwaloli ndilo logwira mtima kuposa matsengawo.