Nzeru za Makompyuta ndi Ulendo wa Chakudya Chozizira

Inu amene mumagula nsomba, nkhuku kapena mkaka m'timasitolo ta ku Nakoli, mumzinda wa Kabwe, kodi munayamba mwaganizapo za mtunda umene chakudyacho chimayenda chisanafike m'mbale mwanu? Nkhani yathu ya lero ikukhudza ulendo umenewu, ndiponso thandizo limene nzeru za makompyuta, zimene ambiri akuzitcha AI, zingapereke kuti chakudya chisaonongekere panjira.

Mzinda wa Kabwe, umene kale unkatchedwa Broken Hill, uli pa msewu waukulu wa Great North Road, pamtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. Malole onyamula nsomba za bukabuka kuchokera ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, amadzera pomwepa. Nsomba zoweta za ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, zimachokera kumwera, pamene nyama ndi mkaka zimachokera m'mafamu a ku Chisamba, monga famu ya Huntley ya kampani ya Zambeef.

Zakudya zonsezi zili ndi mdani mmodzi, ndiye tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Kukafunda, mitundu ina ya tizilomboti imawirikiza chiwerengero chake pa mphindi 20 zilizonse. Kuzizira sikutipha ayi, kumangotichedwetsa. N'chifukwa chake mkaka ndi nyama yaiwisi ziyenera kusungidwa pa madigiri osapitirira 5, ndipo zouma gwa ndi ayisi ziyenera kukhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Kuzizira kumeneku sikuyenera kudukiza, kuyambira kophera, m'nyumba yosungira katundu, mu lole, mpaka m'firiji ya wogulitsa. Kukadukiza malo amodzi okha, ntchito ya ena onse yapita pachabe, pakuti madzi akatayika saoleka.

Kunyamula chakudya chozizira si kwa lero. M'chaka cha 1882 sitima ya pamadzi yotchedwa Dunedin inanyamula nyama youma ndi ayisi kuchokera ku New Zealand mpaka ku London, ndipo pambuyo pake katswiri wa ku America, Frederick McKinley Jones, analandira chikalata chomuzindikira monga mwini luso la makina oziziritsa m'malole. Komabe, lipoti la mabungwe a FAO ndi UNEP la chaka cha 2022 linasonyeza kuti mu 2017 dziko lapansi linataya matani 526 miliyoni a chakudya chifukwa chosowa zoziziritsira zokwanira.

Kale, makina oziziritsa akafooka usiku lole ili paulendo, vutolo linkadziwika potsegula zitseko, fungo litatulukira kale. Masiku ano m'malole ndi m'makontena mumaikidwa tizipangizo toyeza kutentha, timene timatumiza manambala ku ofesi kudzera pa netiweki ya mafoni. Kampani ya sitima za pamadzi ya Maersk imalondola makontena ake ozizira mwa njira imeneyi. Koma kachipangizo koyezera kamangonena zimene zachitika kale. Apa m'pamene nzeru za makompyuta zimalowera.

Kodi kompyuta imaphunzira bwanji? Imapatsidwa mbiri ya maulendo zikwi ndi zikwi: kutentha kwa ola lililonse, nthawi imene zitseko zinakhala zotsegula, kunjenjemera kwa makina, mafuta amene anatha, ndiponso maulendo amene anathera m'kuonongeka kwa katundu. Poyerekeza zonsezi, imazindikira zizindikiro zimene zimatsogolera vuto, monga momwe makaniko wozolowera amadziwira matenda a injini pongomvera kulira kwake. Kusiyana kwake n'kwakuti kompyuta imamvetsera malole mazanamazana nthawi imodzi, usana ndi usiku, osawodzera.

Ntchito yake yoyamba, tsono, ndi kuchenjeza makina asanafe, kuti akonzedwe lole ikadali kugalaja, osati itaima m'thengo.

Yachiwiri ndi kusankha njira ndi kopita katundu. Tiyerekeze kuti lole ya nsomba yochokera ku Mpulungu yafika ku Serenje, ndipo kuzizira kwayamba kuchepa. Kompyuta ingawerengere maola amene nsombazo zatsala nawo, n'kulangiza kuti zitsitsidwe ku Kapiri Mposhi kapena ku Kabwe, m'malo mokakamira ulendo wa ku Lusaka. M'nyumba yosungira katundu ingasonyezenso bokosi loyenera kutuluka msanga, osati chifukwa linafika poyamba, koma chifukwa linakumana ndi kutentha panjira.

Yachitatu ndi kulosera kuchuluka kwa katundu amene adzagulidwe. Wamalonda aliyense amadziwa kuti malonda a kumapeto kwa mwezi si ofanana ndi a pakati pa mwezi, ndi kuti nsomba zimasowa boma likatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Kompyuta ingaphatikize zonsezi pamodzi ndi nyengo, kuti wogulitsa asaode katundu woposa amene angamugulitse.

Koma tisanyengedwe: kompyuta sipanga kuzizira. M'mwezi wa Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa m'damu la Kariba, ndipo chakumapeto kwa chakacho magetsi a ZESCO ankazima maola ofika 20 ndi kupitirira pa tsiku m'madera ambiri. Lole ingasunge nsomba bwino lomwe ulendo wonse, koma zikafika m'firiji yozima ya ku Nakoli, zimasungunuka masana n'kuumanso usiku magetsi akayaka. Pamaso zimaoneka zabwino, koma n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa amataya mpamba wake, ndipo mwana wa wogula amadwala m'mimba.

Choncho phindu la nzeru zatsopanozi lidzafika kukomboni pokhapokha ngati malo otsiriza a ulendowu asamalidwa. Ku Nigeria, kampani ya ColdHubs, imene inayamba mu 2015, inamanga m'misika zipinda zozizira zoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo amalonda amalipira pa kireti iliyonse tsiku ndi tsiku. Chipinda chotere n'chodula kwa munthu mmodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Amalonda atagwirizana angathe. Kachipangizo koyezera kataikidwa m'menemo, uthenga wa pafoni ungawachenjeze katundu asanaonongeke.

Palinso mfundo ina. Kompyuta imene inaphunzira pa misewu ya ku Ulaya sidziwa kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno kwathu, kapena maenje a m'misewu ya dzinja. Iyenera kuphunzira pa maulendo athu omwe, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti madalaivala, amakaniko ndi osunga katundu azilemba moona zimene zachitika, ngakhale tsiku limene zinthu zalakwika. Anthu amenewa adzafunikabe, pakuti chenjezo limene palibe wolilabadira silipulumutsa nsomba ngakhale imodzi.

Pamene tikudikira zimenezi, inu muli ndi mbali yanu. Pogula, yang'anitsitsani pepala lokulungira: ngati muli ayisi wambiri, kapena magazi oundana pansi pake, dziwani kuti chakudyacho chinasungunukapo. Magetsi akazima, musatsegule firiji kawirikawiri. Firiji yotseka imasunga chakudya pafupifupi maola 4, pamene yowumitsa yodzaza bwino imafika maola 48. Nyama imene yasungunuka n'kukhala nthawi yaitali pofunda musaibwezeremo. Makompyuta angalondole chakudya kuchokera kunyanja mpaka kusitolo, koma kuchokera pamenepo mpaka pamoto, mlonda wake ndinu.