Fallout ndi Final Fantasy VII: RPG Yeniyeni Ndi Iti?

M'chaka cha 1997 munatuluka magemu awiri amene amautsa mkangano okonda magemu akamafunsana kuti RPG (role-playing game) n'chiyani kwenikweni. Ku Japan, kampani ya Square inatulutsa Final Fantasy VII ya pa PlayStation. Ku America, Interplay inatulutsa Fallout ya pa kompyuta. Onse amatchedwa RPG, koma zimene amalola wosewera kuchita n'zosiyana kwambiri.

Mu Fallout, munthu wa m'gemu umamuumba wekha. Umagawa mapointi ku nyonga, nzeru, mwayi ndi zina, kenako amakutuma kutuluka mu Vault 13, malo obisalako a pansi pa nthaka, kukafuna kachipangizo koyeretsera madzi. Ukamumana nzeru, amalephera ngakhale kulankhula bwino, ndipo anthu amamuyankha ngati chitsiru. Ukamupatsa luso la pakamwa, ungagonjetse mdani wamkulu wotchedwa Master popanda kuwombera mfuti. Umangomuonetsa umboni woti cholinga chake sichingatheke, iye n'kudziwononga yekha.

Mu Final Fantasy VII umangopatsidwa Cloud Strife, ali kale ndi mbiri yake, chilupanga chake ndi nkhondo yake yolimbana ndi kampani ya Shinra. Mdani wake Sephiroth akamapha mnzake Aerith, palibe chimene ungachite, ngakhale utamusamalira chotani. Mphamvu ya gemuyi yagona pomwepo. Olemba sanaitaye nkhani m'manja mwawo, n'chifukwa chake imfayo imapweteka aliyense wofika pamenepo.

Ena amati popanda ufulu wosankha palibe RPG. Ena amati chofunika ndi manambala, kuti munthu wako azikwera malevulo. Mfundo zonsezi zili ndi polowera mphepo. Yoyamba ikutaya kunja magemu ambiri a ku Japan, pomwe yachiwiri ikulowetsa ngakhale magemu owomberana, poti masiku ano nawonso ali ndi malevulo.

Magemu awiriwa ndi ana a mimba imodzi. Kholo lawo ndi Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Patebulopo pamakhala wofotokoza nkhani, osewera osankha zochita, ndi madayisi ogamula zotsatira. Kompyuta singachite zonse zimene munthu wofotokoza nkhani amachita, choncho opanga magemu anayenera kusankha. Fallout inatsamira ku ufulu wa osewera. Final Fantasy, potsata njira imene gemu ya Dragon Quest inalambula mu 1986, inatsamira kwa wofotokoza nkhani.

Chimene onse anasunga n'chakuti kupambana kumadalira kwambiri luso la munthu wa m'gemu ndi mmene wamukulitsira, osati kufulumira kwa zala zako. Ine ndimaona kuti tanthauzo la RPG liyambire pamenepa. Tikatero, magemu onse awiri akulowa, ndipo chotsala n'kufunsa wosewera ngati akufuna kulemba nkhani yake kapena kuyenda m'nkhani yolembedwa bwino ndi ena.