Anapita ku Nkhondo, Sanabwerere: Ndani Asunga Maina Awo?

Amayi anzanga, maliro owaona ndi maso amapweteka, koma pakapita nthawi mtima umakhala pansi. Opweteka koposa ndi maliro opanda manda, pamene mayi amangoyang'ana kunjira chaka ndi chaka, osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye.

Umu ndi mmene zinalili kwa amayi zikwizikwi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mzinda wa Singapore utagwa m'manja mwa asilikali a ku Japan mu February 1942, amuna awo anagwidwa ukaidi. Akaidi okwana ngati 60,000, makamaka a ku Britain, Australia ndi Holland, anawatumiza kukamanga njanji ya makilomita 415 yolumikiza Thailand ndi Burma. Ankaswa miyala ndi kudula mitengo m'nkhalango, chakudya chawo chili mpunga wochepa. Njanjiyo inatha mu October 1943, koma akaidi oposa 12,000 anafera komweko ndi njala, malungo, kamwazi, kolera ndiponso kumenyedwa. Mabanja ambiri anamva za imfazi nkhondo itatha mu 1945.

Nanga maina awo anapulumuka bwanji? Akaidi anzawo ankalemba mobisa dzina la aliyense womwalira, tsiku ndi malo amene amuika. Mapepala ena ankawakwirira m'manda momwemo kuti alonda asawapeze. Nkhondo itatha, zolembazi zinatsogolera ofufuza kumanda a m'tchire. Lero ku Kanchanaburi, m'dziko la Thailand, kuli manda pafupifupi 7,000 osamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission. Koma anthu wamba a ku Asia amene anakakamizidwa kugwira ntchito yomweyo, ngakhale anafa ochuluka kuposa akaidiwo, ambiri agona opanda dzina, chifukwa panalibe wowalemba.

Ntchito yofufuzayi siinathere pamenepo. Mayi Carol Cooper a ku England, amene bambo awo anafera pa njanjiyi iwo ali mwana, anamva patapita zaka zambiri kuti buku limene bambowo ankalemba ali kuukaidi lilipo. Mu 1997 anayambitsa bungwe la ana a akaidiwa lotchedwa COFEPOW, ndipo mu 2005 linatsegula nyumba ya chikumbutso ku Staffordshire. Taonani zimene mtima wa mwana wamkazi ungachite!

Nkhaniyi isatitalikire. Asilikali athu a KAR ochokera ku Nyasaland anamenya nawo nkhondo yomweyo ku Burma mu 1944, ndipo si onse anabwerera. Kodi kwanu kulibe agogo kapena amalume amene mumangomva kuti "anatsala kunkhondo"?

Ife amayi ndife nkhokwe ya mbiri ya banja, pakuti ndife timakhala ndi okalamba pamkeka. Tsono musazengereze. Afunseni dzina lenileni la malemuwo, mfunda wawo, mudzi, mfumu ndi chaka chimene anachoka. Mukapeza mendulo, kalata kapena chithunzi m'sutikesi yakale, musataye. Nambala ya usilikali ndiyo imathandiza kwambiri pofufuza. Lembani zonse m'kope, ndipo mwana wodziwa intaneti ayang'ane dzinalo m'kaundula wa bungwe losamala manda lija.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Agogo amene mukuwaona lerowa ndiwo kaundula wanu. Afunseni akadali moyo.