Ku America bwana akhoza kuchotsa munthu ntchito osanena chifukwa

Pa 1 Disembala 2021, antchito pafupifupi 900 a Better.com, kampani ya ku United States yobwereketsa ndalama zogulira nyumba, anaitanidwa ku msonkhano wa pa Zoom. Mkulu wa kampaniyo, Vishal Garg, sanazungulire. M'mphindi zochepa chabe anawauza kuti aliyense amene ali pamsonkhanowo ntchito yake yatha. Kanema wa msonkhanowo anafalikira padziko lonse, anthu anamudzudzula, iye n'kupepesa chifukwa cha momwe anayankhulira. Koma panalibe lamulo lomukakamiza kukhala pansi ndi aliyense wa anthuwo kuti amve mbali yake.

Izi zimatheka chifukwa cha dongosolo lotchedwa at-will employment, lomwe limagwira ntchito m'zigawo 49 mwa zigawo 50 za dzikolo. Ngati palibe mgwirizano wonena zosiyana, wolemba ntchito akhoza kuchotsa munthu tsiku lililonse, popanda notisi, pa chifukwa chilichonse chimene lamulo silinaletse, ngakhalenso popanda chifukwa n'komwe. Wantchito nayenso ali ndi ufulu wongodzuka n'kusiya ntchito osatsanzika.

Dongosololi lidazika mizu zaka za m'ma 1800. Mu 1877 loya wina wa ku New York, Horace Gray Wood, adalemba buku la malamulo a pakati pa bwana ndi wantchito. Malamulo akale a ku England ankati munthu wolembedwa ntchito popanda kutchula nthawi walembedwa kwa chaka chathunthu. Wood adalemba kuti ku America sizili choncho, ndipo makhoti adayamba kumutsatira limodzilimodzi.

Mlandu umene umaonetsa bwino mtima wa lamuloli udachokera ku Chattanooga, m'chigawo cha Tennessee. Kampani ya njanji ya Western and Atlantic idalengeza kuti wantchito wake aliyense wopezeka akugula katundu m'sitolo ya wamalonda wina, Payne, adzachotsedwa ntchito. Makasitomala adamuthawa Payne, iye n'kukasuma. Mu 1884 khoti lalikulu la Tennessee lidaikira kumbuyo kampaniyo, ponena kuti bwana akhoza kuchotsa antchito ake pa chifukwa chabwino, popanda chifukwa, kapenanso pa chifukwa choipa pamaso pa anthu, osapalamula mlandu uliwonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti antchitowo, amene ankalamulidwa ngakhale kokagula zosowa za pakhomo pawo, sadali mbali ya mlanduwo n'komwe.

Kuchokera nthawi imeneyo mphamvu za mabwana zadulidwa mapiko apa ndi apo. Lamulo la 1935 lidaletsa kuchotsa munthu chifukwa cholowa bungwe la anthu apantchito. Mu 1959 khoti la ku California lidaweruza mokomera Peter Petermann, yemwe adachotsedwa ntchito atakana kunama pa umboni wolumbira. Lamulo la ufulu wa anthu la 1964 lidaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, dziko lochokera kapena kuti ndi mkazi kapena mwamuna, ndipo pambuyo pake adatetezedwanso a zaka 40 kupita m'tsogolo mu 1967 komanso aulumali mu 1990. Makampani a antchito 100 kapena kuposerapo amayenera kupereka notisi ya masiku 60 akafuna kutseka fakitale kapena kuchotsa anthu ambiri pakamodzi.

Vuto lagona pa umboni. Popeza bwana sakakamizidwa kunena chifukwa, ndi wochotsedwayo amene amayenera kuyamba kuonetsa kuti chifukwa chenicheni chinali choletsedwa. Mayi wochotsedwa atangonena kuti ndi woyembekezera ali ndi lamulo lomuteteza, koma ayenera kupeza loya, makalata ndi mboni, pamene anzake amene anaona zonse akuopanso kutaya ntchito zawo. Kuonjezera apo, pafupifupi theka la anthu a ku America amalipiriridwa kuchipatala kudzera mu inshulansi ya kuntchito. Munthu amene mwana wake amadalira inshulansi imeneyo amaganiza kawiri asanadandaule za maola owonjezera kapena chipongwe cha kapitawo. N'chifukwa chake n'kovuta kuvomereza kuti mbali ziwirizi zili ndi ufulu wofanana. Kampani ikataya munthu mmodzi imalemba wina, koma banja likataya malipiro limayamba kuwerenga masiku oti lendi ikwane.

Olemba ntchito ali ndi mfundo zawo, ndipo si zachabe. Amati munthu wa bizinesi yaing'ono salimba mtima kulemba wachinyamata wosadziwa ntchito ngati kumuchotsa kudzafuna miyezi ya milandu, ndipo kuti kumene kuchotsa n'kosavuta kulembanso kumakhala kosavuta. Komabe makampani ambiri akuluakulu amasunga makalata ochenjeza ndi zolemba za kagwiridwe ka ntchito ka aliyense, poopa kusumiridwa za tsankho.

Alendo ndi amene amaumva kwambiri mkwapulo. Elon Musk atagula Twitter, pafupifupi theka la antchito 7,500 anachotsedwa mu Novembala 2022, ambiri atangolandira imelo. Amene anali ndi chilolezo chogwirira ntchito cha H-1B anali ndi masiku osapitirira 60 oti apeze bwana wina, apo ayi alongedze.

Kwa munthu wozolowera malamulo a ku Malawi, izi n'zachilendo ndithu. Lamulo la ntchito la 2000 limati pakhale chifukwa chomveka chokhudza khalidwe la munthu, luso lake kapena zosowa za kampani, ndipo woganiziridwa kulakwa apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Ku America, chigawo cha Montana chokha ndicho chimafuna chifukwa chomveka munthu akamaliza nthawi yoyesedwa, potsatira lamulo la 1987. Kwina konse chitetezo chotere chimapezeka makamaka m'ntchito zambiri za boma ndi m'migwirizano ya mabungwe a anthu apantchito, omwe mamembala ake ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa antchito 10 alionse. Mzinda wa New York udayamba mu 2021 kuletsa malo akuluakulu ogulitsa zakudya zachangu kuchotsa antchito popanda chifukwa, eni malowo adakatsutsa lamulolo kukhoti, koma adagonja.